Kagalimoto Kobisa ka Lubuto

Ku Kabwata, kuseri kwa msika, kunali nyumba ina imene anthu ankaidziwa ndi mapokoso awiri. Pakhonde pake pankalira makina osokera a ba Josephine, mayi wa ku Chipata amene ankasoka mayunifolomu a ana a sukulu. Kuseri, m'kashedi ka malata, kunkalira majenereta ndi mapampu a madzi amene amuna awo, ba Chishimba, ankakonza. Ba Chishimba anali a ku Luapula. Anagwirapo umakaniko ku mgodi ku Kopala zaka zoposa makumi awiri, ndipo migodi itagulitsidwa, iwo n'kuchotsedwa ntchito, anatsikira ku Lusaka ndi bokosi la masipanala, mkazi wawo ndi mwana mmodzi yekha, dzina lake Lubuto.

Panali pakhomo pa mtendere. Sankadya asanapemphere, ndipo Lamlungu onse atatu ankayenda wapansi kupita ku Reformed Church, kumene Lubuto ankaimba kwaya. M'shedimo ba Chishimba anali ndi lamulo limodzi losagwedezeka. Chitsulo chilichonse chochotsedwa m'makina a munthu, ngakhale chakutha, ankachiika m'kajumbo n'kuchibweza kwa mwini wake.

"Kasikulu ka muntu ni ka muntu," ankatero. "Olo kathyoke, si kako."

Lubuto anakulira m'fungo la oilo. Mulungu anamupatsa khutu, moti jenereta ikangolira iye ankadziwa chimene chikuivuta asanaitsegule. Atamaliza Giredi 12 mu 2006, anzake onse anabalalika, ena kukafuna ntchito, ena kwa achibale ku Kitwe. Iye anatsala pakhomo kudikira zotsatira, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wosalankhulalankhula, wopanda m'bale wocheza naye.

Tsiku lina m'mawa panaima galimoto yaikulu pageti. Anatsika ba Chibesa a ku Kabulonga, amene ankaitanitsa magalimoto akale kuchokera ku Japan n'kumagulitsa m'tauni. Anali kasitomala wakale wa ba Chishimba.

"Mwashibukeni, ba Chishimba. Lelo nabweletsa odwala babili."

Woyamba anali jenereta. Wachiwiri anamutulutsa m'katoni: kagalimoto kotalika ngati mkono wa munthu, ka matayala akuluakulu ofewa ndi masipuling'i asanu ndi atatu, koyendetsera pa limoti. Sikanali ka mabatire ngati zidole za m'masitolo. Kanali ndi injini yeniyeni, yaing'ono ngati chibakera cha khanda, ndi thanki ndi ekizozi yake.

"Nagula ku Joni," anatero ba Chibesa. "Kamalila bwino, koma nikaponda moto kamakosomola, kazima. Anzanga ku Woodlands baniseka Sande iliyonse."

Ba Chishimba anaseka. "Ivi ni vidoli, ba Chibesa. Ine maso yanasila. Mupaseni Lubuto aone."

Lubuto anawerenga kabuku kake kawiri. Anaphunzira kuti mafuta ake, amene ankawatcha naitulo, ndi sipiriti wosakaniza ndi oilo, ndipo oilo wa injiniyo amalowera m'mafuta momwemo. Anaphunziranso kuti pa kabuleta pali singano yotsegula ndi kutseka njira ya mafuta. Anatenthetsa pulagi ndi kabatire, nakoka chingwe. Kainjiniko kanalira mwa chimfine, kakulavula oilo ndi utsi wochuluka. Lubuto anatseka maso, namvetsera.

"Kakumwa maningi," anatero. "Ku fakitale banaika singano ya kumalo ya pansi. Kuno ku Lusaka tili pamwamba, mpepo ni yopepuka."

Anapotoza singanoyo pang'ono zedi, ngati dzanja la wotchi likamasuntha ola limodzi. Anamvetsera, napotozanso. Kachitatu mawu a injini anayera. Ba Chibesa atakanikiza limoti, kagalimotoko kananyamula matayala akutsogolo, kanathamanga mpaka kumpanda, kakusiya kamzere ka utsi wa buluu. Ba Chishimba anadontheza mate pamutu pa injini. Mate anachita thovu, nauma atawerenga kufika pa zinayi.

"Apo pali bwino," anatero bamboyo. "Usapitilile apo. Ukachepesa mafuta kazathamanga ngako, koma kazapya, chifukwa wachepesa na oilo."

Ba Chibesa anamugwira Lubuto paphewa. "Iwe mwaiche, Sande nikutenga."

Mpikisano unkachitikira pa puloti ina yosamangidwa ku Woodlands, ya dothi lofiira, pomwe anaunjikapo timilu todumphira. Ankabwera amuna khumi kapena kuposerapo, eni mabizinesi, ndi mipando yopinda ndi mabokosi a zakumwa zozizira. Magalimoto awo onse anali a mtundu umodzi, ndipo anapangana kuti injini izikhala monga inachokera ku fakitale, osaisema, osaisintha. Motero wopambana ankakhala amene singano yake yaikidwa bwino. Lamlungu loyamba lomwelo ba Chibesa, amene ankakhala wotsiriza nthawi zonse, anakhala wachiwiri. Lotsatira anapambana.

Vuto linali lakuti ankayamba naini koloko, nthawi ya mapemphero.

"Kamodzi n'kamodzi," anatero ba Josephine. "Koma aka n'kachinayi, mwana wanga. Malo ako ku kwaya angokhala. Abusa afunsa."

"Ni nchito, Amai. Sande ibwela nizapita."

"Ntchito imene imakulanda Mulungu, tsiku lina idzakulanda ndi makolo."

Lubuto anabwerera kushedi. Lamlungu linalo anapitanso ku Woodlands.

Kumeneko anthu ankamutama, koma panalibe womuitana kuti akhale pampando. Iye ankagwada m'fumbi ndi sikuludiraiva, ba Chibesa n'kumadutsitsa galimoto patsogolo pake kuti amve kulira kwake. M'mawa kukazizira ankawonjezera mafuta pang'ono, dzuwa likakwera n'kuchepetsa. Ankatsuka fyuluta ya mpweya, n'kupukuta matope. Galimoto ikapambana, eni ake ankagwirana chanza, iye n'kumatola zida. Limoti sanaigwirepo.

Amene anaona zimenezi anali Lemmy, mnyamata wamkulupo wa ku Northmead, wovala magalasi akuda, amene ankabwera ndi chikwama cha masipeya ochokera ku Joni n'kumagulitsa pamalopo. Tsiku lina anakhala pansi pambali pa Lubuto, namupatsa botolo la chakumwa.

"Shani, injiniya. Niuze, unayendesako olo kamozi?"

"Iyayi."

"Iwe ndiwe ukonza, beve ndiye bawina. Ine nili na mafupa ya motoka ku nyumba, na limoti yakudala, na injini yakufa. Ningakupase."

"Nilibe chogulila."

"Nanga ndani wakamba vogula? Mu bokosi ya ba Chibesa muli mapulagi teni. Babili bakasowa, baziba? Aba bantu bali na vambili, sibapenda. Ni monga kutapa madzi mu Kafue na kapu."

Lubuto anakana. Koma sabata yonseyo ankangoona zala zake zili pa limoti. Panalibe munthu wina pamalo aja amene anakhalapo naye pansi n'kumufunsa chimene mtima wake ukufuna. Lamlungu lotsatira, potseka bokosi la ba Chibesa, mapulagi atatu anatsala m'thumba mwake. Awiri anapatsa Lemmy. Imodzi anaiiwala m'buluku.

Ba Josephine anaipeza pochapa, naipereka kwa amuna awo. Ba Chishimba anamuitana mwana wawo kushedi.

"Iyi ni ya ndani?"

"Ni yakufa, ba Tata. Ba Chibesa banataya."

Bamboyo anaigunditsa ku batire. Kawaya ka m'kati mwake kanafiira ngati khala.

"Yakufa siyaka, Lubuto." Anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ine banichosa nchito ku mugodi, koma palibe anakambapo ati Chishimba anatenga olo nati. Ndiye chuma chamene nili nacho. Sande uibweze, uuze mwine wake na pakamwa pako."

"Nizabweza."

Sanabweze. Anaipatsa Lemmy, nauza bambo ake kuti ba Chibesa angoseka. Limeneli linali bodza loyamba lalikulu limene anawanamiza, ndipo anadabwa kuona kuti lapita mosavuta.

Mafupa a galimoto aja anabwera m'thumba la saka. Lubuto anawabisa m'chifiriji chakufa chimene chinali kuseri kwa shedi, ndipo bambo ake akapita kukakonza mapampu kwa makasitomala, iye ankatulutsa n'kumamanga. Chinasowa chinthu ichi, chinasowa icho. Pofika pano eni magalimoto ena ankamupatsanso awo kuti awakonzere singano, choncho mabokosi otsegula anachuluka. Kwa uyu anatenga fyuluta, kwa uyo sipuling'i, kwa wina giya. Lemmy ankalandira gawo lake. Lubuto anayamba kudya msangamsanga n'kuchoka patebulo, poopa kuti maso ake angakumane ndi a bambo ake. Anzake a kwaya atabwera kudzamuona, anatuma mawu kuti kulibe.

Chinatsala ndi injini. Ya Lemmy inali yotha, pisitoni yake inkangoseweramo. Ukakoka chingwe sinkalimba n'komwe.

"Ifuna pisitoni na chitolilo chake, vanyowani," anatero Lemmy. "Ine nilibe. Koma namvela ati ba Chibesa baitanisa injini yanyowani."

Zinali zoona. M'mwezi wa Meyi ba Chibesa anabwera nayo okha ku Kabwata, ili m'katoni yake.

"Nipita ku Dar kukatenga mamotoka, masabata yabili. Iyi uizoloweletse iwe. Sinikhulupilila wina aliyense."

Injini yatsopano sithamangitsidwa tsiku loyamba. Imayendetsedwa pang'onopang'ono ndi mafuta ochuluka, matanki asanu, kuipumitsa kuti izizire, mpaka pisitoni ndi chitoliro chimene imayendamo zitagwirizana. Lubuto anachita zonsezi mosamala ngati mlezi. Pa thanki yachisanu injiniyo inalira mawu okoma amene sanawamvepo. Anakhala pansi, naiyang'ana mpaka inazizira. Kenaka anatenga sipanala.

Zinamutengera theka la ola. Pisitoni yatsopano ndi chitoliro chake zinalowa m'injini yake. M'injini ya ba Chibesa anaikamo zina zogwirapo ntchito zimene Lemmy anamupezera, zotsala ndi mphamvu pang'ono. Kunja kwake injini ziwirizo zinali zofanana ngati mapasa.

Ba Chibesa atabwera, Lubuto anadziwa kuti injini yofookayo iwulula chinsinsi. Choncho m'mawa wa mpikisano anapotoza singano kupitirira pamene bambo ake anamuletsa. Galimoto inalira mokuwa ngati mluzu, utsi osaoneka. Inatsogola maulendo atatu, anthu n'kuimirira. Ulendo wachinayi inangoti zii pakati pa bwalo. Mutu wa injini unali wotentha moti mate ankangodumphapo.

"Chachitika n'chani, injiniya?"

"Yamangika, ba Chibesa. Nthawi zina ku fakitale bamalakwisa. Ine nachita vonse vamene buku ikamba."

Ba Chibesa anapukusa mutu. "Ni tsoka chabe. Usadandaule mwaiche, si mulandu wako." Anamugulira ngakhale chakudya pobwerera. Lubuto anachidya osamva kukoma.

Tsopano anali ndi galimoto yake, yothamanga kuposa onse a ku Woodlands, koma analibe poionetsa. Ku Woodlands aliyense akanazindikira chitsulo chake. Ku Kabwata bambo ake akanamva kulira kwake. Choncho masana a m'kati mwa sabata ankaikulunga m'saka, n'kukwera minibasi kupita m'tauni, n'kukweranso ina ya ku Chelstone. Ankatsika patsogolo pa thanki ya madzi, n'kuyenda mpaka kumene nyumba zimathera, pamalo pamene anthu anakumbapo dothi loumbira njerwa.

Tsiku loyamba anakoka chingwe, nakanikiza limoti. Galimoto inathamanga, inakwera chulu, inauluka m'malere matayala onse anayi akuzungulira, n'kutera bwinobwino. Lubuto anaseka, natembenuka kuti aone amene waona. Kunali udzu wouma ndi mapepala apulasitiki okodwa m'minga. Anadumphitsanso kachiwiri. Kachitatu sanatembenukenso. Thanki itatha anakhala pachulupo, fumbi likutsika, akumva magalimoto akutali pa msewu waukulu. Anaganiza kuti bambo ake akanamva injiniyi akanati yaikidwa bwino. Ganizo limenelo linamupweteka kuposa njala.

Komabe ankapitako, kawiri kapena katatu pa sabata, chifukwa kunyumba kunali kutamuvuta kukhala. Atapita kwa Lemmy kuti tsiku lina apite naye, Lemmy anaseka.

"Ine nili bize, mwana. Ukapeza vina ubwelese."

Kagalimoto kotere kamamwa kwambiri, ndipo mafuta ake sankapezeka m'masitolo wamba. Lubuto anayamba kupungula m'zigubu za ba Chibesa ndi anzawo, pang'ono Lamlungu lililonse. Mafutawo anali ofiirira, osabisika. Anaganiza mochenjera. M'shedi munali botolo lobiriwira la palafini limene linkakhala pansi pa tebulo. Anapeza lina lofanana nalo, nathiramo naitulo, naliika pomwepo pambali pa linzake. Anati mumtima, malo abwino obisa chinthu ndi pamene aliyense amaona.

Amayi ake anamuyesanso kamodzi. Anamuitana pakhonde, makina ataima.

"Lubuto, wawonda. Sulankhula. Masana umapita kuti ndi thumba lija?"

"Nimapeleka masipeya kwa makasitomala."

"Ine ndinakubala, ndimadziwa ukamanama. Chimene wanyamula mumtimamo, tula pano pali ine. Atate ako ndikawauza ndine, mofatsa. Usadikire kuti chidzadziwulule chokha."

Pakamwa pa Lubuto panatsala pang'ono kutseguka. Koma anaganiza za injini ija, mawu ake okoma, n'kuti akaulula aibweza.

"Kulibe chilichonse, Amai."

Linali Lachitatu, m'mwezi wa Julaye, mphepo yozizira ikuwomba koma dzuwa lili phwee. Magetsi anazima kuyambira m'mawa. Ba Chishimba anali ku Roma, dera lina la Lusaka, kukakonza pampu. Lubuto anadzaza kabotolo kake kakang'ono, nabweza botolo lalikulu pansi pa tebulo, nanyamuka ulendo wa ku Chelstone.

Anabwerako cha m'ma folo koloko. Geti linali lotsegula. Pabwalo panali mbaula yogubuduzika, makala ali mbwee, simbi ya makala ili chagada, ndi mayunifolomu a buluu omwazika m'dothi, ena onyowa. Pakhonde panakhala ba Rhoda, mayi wa nyumba yoyandikana nayo.

"Unali kuti, iwe? Takusakila konse. Amai bako bali ku chipatala."

Ba Rhoda anamufotokozera. Ba Josephine anali ndi mayunifolomu makumi awiri oti akapereke madzulo omwewo, ndipo popeza kunalibe magetsi anaganiza zositira simbi ya makala. Makala a pa mbaula ankachedwa kuyaka, akungofuka. Analowa m'shedi, natenga botolo lobiriwira. Anali ndi chimfine, fungo sanalimve. Atathira, moto unakwera ndi mafutawo mpaka m'botolo, botolo n'kuphulika m'manja mwawo.

"Tinamvela chabe kukuwa," anatero ba Rhoda. "Tabwela, tapeza bazimenya pa manja, bavina pa lubanza apa. Koma mulilo siunali kuoneka, mwana wanga. Pa zuba paja sitinaone kanthu. Tinaganiza ni njuchi zabaluma. Taimilila chabe, mpaka taona malaya yayamba kuda, khungu la pa manja layamba kutupa. Ndiye pamene nathamangila ndowa. Palafini ya bwanji yamene iyaka mulilo wosaoneka?"

Lubuto ankadziwa yankho. Linalembedwa m'kabuku kaja, tsamba loyamba, ndi zilembo zofiira: naitulo amayaka moto wosaoneka padzuwa. Thumba linagwa m'manja mwake.

Ku chipatala anapeza bambo ake atakhala pabenchi m'khonde, akadali m'ovolosi. M'manja anali ndi kapulasitiki kobiriwira kosungunuka ka botolo lija, kamene ba Rhoda anawapatsa kuti aonetse adokotala. Anakanunkhiza, nakapereka kwa mwana wawo.

"Nagwila mafuta zaka sate. Iyi si palafini."

Lubuto anagwada pasimenti pomwepo, anthu akudutsa, nanena zonse: mapulagi, masipuling'i, pisitoni, mafuta, Chelstone. Ankayembekeza khofi. Ba Chishimba sanakweze dzanja kapena mawu. Anangofunsa funso limodzi.

"Pisitoni ija unaichosela mu shedi yanga?"

"Ee, ba Tata."

Bamboyo anaphimba nkhope ndi manja awo akuda ndi oilo. Kenaka anati, "Ngena ubaone."

Ba Josephine anagona chagada, manja onse awiri atakulungidwa mabandeji mpaka m'zigongono, mbali imodzi ya khosi itapakidwa mankhwala oyera. Ataona mwana wawo anayesa kumwetulira.

"Wadya?" anafunsa.

Lubuto anatuluka, nakaima panja pafupi ndi mpanda, nalira yekha mpaka alonda anamuuza kuti nthawi yoona odwala yatha.

Loweruka m'mawa ba Chishimba anamuuza kuti anyamule thumba lija. Anakwera basi, natsika, nayenda m'misewu ya Kabulonga ya mipanda italiitali, bambo patsogolo, mwana pambuyo. Ba Chibesa anawalandira pabwalo. Lubuto anayala saka pansi, namasula galimoto yake chidutswa chimodzichimodzi, akutchula mwini wa chilichonse. Potsiriza anatsegula injini, natulutsa pisitoni ija.

Ba Chibesa anaitenga, naitembenuza m'dzanja.

"Siku ija nakugulila nkhuku na chipisi," anatero motsitsa. "Nenze kukumvelela chifundo." Anatembenukira kwa bamboyo. "Ba Chishimba, ku polisi sinipita, chifukwa cha imwe na ba mayo bali mu chipatala. Koma anzanga nizabauza, chifukwa vintu ni vawo. Na jeneleta yanga nizatuma muntu akatenge. Munikhululukile. Mutima wanga siungakwanise."

"Mwachita bwino," anayankha ba Chishimba. Pobwerera anayenda ngati nkhalamba.

Nkhani inayenda. Eni magalimoto a ku Woodlands ndi omwewo amene anali ndi majenereta ndi mapampu, ndipo mmodzimmodzi anasiya kubwera ku Kabwata. Anthu sankati mwana wa Chishimba ndi wakuba. Ankati ku shedi ya Chishimba zitsulo zimasowa. Lubuto anakumana ndi Lemmy kamodzi, pafupi ndi msika wa Soweto, namuuza zimene zachitika.

"Ine nakutuma kuika mafuta mu botolo?" anatero Lemmy. "Sinikuziba, mwana. Usanizolowele." Analowa m'chigulu cha anthu, osacheuka.

Zotsatira za mayeso zinali zitatuluka kale, ndipo Lubuto anakhoza bwino. Koma za koleji panalibe anazitchulanso, pakuti zonse za pakhomo zinkapita ku mankhwala. Iye ndiye ankaphika, kuchapa, ndi kupita ndi chakudya ku chipatala kawiri pa tsiku. Bambo ake ankamulankhula zofunika zokha.

Ba Josephine anatuluka patatha masabata asanu ndi awiri. Dzanja lamanzere linachira ndi zipsera. Lamanja zala zitatu zinapindika, osatambasukanso. Adokotala anati mwina m'tsogolo, koma kusoka ayi. Makina aja anawaphimba ndi chitenje, ndipo mayunifolomu a sukulu ija anayamba kusokedwa ndi mayi wina.

Lamlungu loyamba atabwerako, Lubuto akusesa pabalaza, anamva amayi ake akumuitana kuchipinda. Anawapeza atakhala pabedi, atavala kale, duku lili pamiyendo. Anali atayesa kulimanga kangapo, nsonga zake zikupulumuka m'zala.

"Bwera undimange."

Lubuto anali asanamangepo duku. Anaima kumbuyo kwawo, manja aja odziwa kupotoza singano pang'ono ngati dzanja la wotchi akulephera mfundo wamba. Anaona chipsera cha pakhosi pafupi, chonyezimira, chokwinyika.

"Amai, nikhululukileni. Ndine nakuchitani ivi."

"Ndinakukhululukira ndili m'chipatala, tsiku lachiwiri. Sindikanatha kugona ndi ululu uwiri." "Koma usaganize kuti kukhululuka kuwongola zalazi. Uzidzaziona tsiku ndi tsiku, ndipo ine sindidzazibisa. Kokera kumanzere, wandipana khutu."

Anamasula, namanganso.

"Ba Tata sibazanikhulupililanso."

"Mwina. Zinawatengera zaka makumi atatu kumanga dzina lija. Iwe uli ndi zaka zambiri kutsogoloku, yamba lero. Tenga Baibulo langa, sinditha kulinyamula."

Anatuluka onse awiri. Ba Chishimba anali ataima pageti ndi jekete lawo lakuda. Anayang'ana duku lokhota lija, nayang'ana mwana wawo, kenaka anadikira mpaka Lubuto atatseka geti ndipo anayendera limodzi. Ku tchalitchi Lubuto sanapite ku mabenchi a kwaya. Anakhala kumbuyo kwenikweni yekha, pamene ankatha kuona amayi ake akulephera kutsegula buku la nyimbo, mpaka mayi wa pambali pawo anawatsegulira.

Wachinyamata iwe amene ukuwerenga izi, Lubuto sanayambe ndi injini. Anayamba ndi kapulagi kochepa ngati njere ya chimanga, ndi bodza limodzi kwa bambo ake. Anachenjezedwa katatu, ndipo katatu konse khomo lobwerera linali lotsegula. Usabe, ngakhale kwa amene ali ndi zambiri. Usamvere munthu amene akukuuza kuti palibe adzadziwe, chifukwa tsiku la tsoka adzakukana. Chinthu chimene sungathe kuonetsa makolo ako sichidzakusangalatsa, chidzangokupatula kwa anthu. Akuluakulu amati choipa chitsata mwini, ndipo n'zoona. Koma nthawi zambiri chisanamupeze mwiniyo, chimayamba chadzera kwa amene amamukonda.